Tsiku Limene Ndinasiya Tamala Pamphambano

Madalitso, bwera nayo kuno singanoyo, wasoka mokwana. Chikwama cha mwana wa sitandade wani sichifuna ulusi wonsewo, muzingokhala kope limodzi ndi pensulo basi. Chisomo, sendera kumthunzi kuno, umuike Tadala pamiyendo. Ndamva zimene mumanong'onezana kuseri kwa chigafa, zoti agogo akalamba, mawa akatichititsa manyazi kusukulu ndi ndodo yawoyo, bwanji osangokhala pakhomo ife n'kumuperekeza tokha mwanayu. Makutu angawa ndi okalamba, koma si ogontha. Mawa sukulu ikutsegulira, ndipo Tadala ndikamuperekeza ndine mpaka pakhomo pa kalasi. Mukafuna muzikatsogola patali kuti anzanu asadziwe kuti tili limodzi. Koma khalani pansi kaye ndikuuzeni chifukwa chake, poti nkhani imeneyi sindinauzepo mwana aliyense.

Ife nthawi yathu sukulu inkatsegulira mu Januwale, mvula ili pakati. Tinkapita titafunda tsamba la nthochi kumutu, m'thumba la kabudula muli chimanga chokazinga chodzaza dzanja limodzi. Zaka zobadwa panalibe ankazisunga. Aphunzitsi ankangoti udutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Ukaligwira walowa, ukalephera bwerera ukakule. Ine anandibweza kawiri chifukwa mutu wangawu unali waukulu kuyambira kale, ndipo iwe Madalitso usaseke, watengera konkuno. Tinkayamba kulemba pansi ndi chala, kenako pasileti, ndipo pensulo itabwera ankaidula patatu kuti tigawane ndi abale. Ndinalekera sitandade faifi atate atanena kuti fodya akufuna manja. Ndiye sukulu ndinkaidziwa pang'ono chabe, ndipo kudziwa pang'onoko ndi kumene kunadzandipusitsa nditakula.

Inu awiri simunawaone azakhali anu a Esinati, mwana wanga woyamba. Anakwatiwa kumpoto uko, cha ku Simlemba, kwa anthu oyankhula Chitumbuka. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kusowera komweko, ndipo Esinati anatsala ndi mwana mmodzi, Tamala, amene lero ndi mayi ake a Tadala uyu. Esinati anadwala nyengo yonse yozizira, n'kumwalira mu Ogasiti. Titachoka kumanda, akuchimuna anati mwanayo timutenge. Ndinamukweza panjinga, kumbuyo nditamanga kamtolo kake. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ulendo wonse kuchokera ku Simlemba kudzafika kuno kwathu ku Wimbe ndinkangomva zala zake zitagwira malaya anga kumsanaku. M'kamtolomo munali madiresi awiri, makope ake akale, ndi yunifolomu yobiriwira ya sukulu ya kwawo. Kuno, monga mukudziwa, amavala yabuluu.

Zaka zimenezo anali atasintha kale nthawi yotsegulira, sukulu n'kumayamba mu Seputembala monga lero. Tsono Seputembala kwa mlimi wa fodya ndi mwezi wa nazale. Inu mumangoona fodya atapachikidwa m'chigafa muno, simudziwa kumene amachokera. Mbewu yake ndi yaing'ono kuposa mchenga. Umaisungunula m'madzi mu keni n'kuithira pabedi, n'kuphimba ndi udzu. Kuchokera tsiku limenelo ulibenso ufulu. Umathirira m'mawa dzuwa lisanapse, umathiriranso madzulo, tsiku ndi tsiku, ngakhale Lamulungu. Ukajomba masiku awiri, chaka chonse chapita. Chaka chimenecho ndinafesa mabedi atatu kudambo, agogo anu aakazi miyendo inali itayamba kutupa, ndipo makolo anu anali ku tauni. Manja analipo ndi anga okha, ndi a mwana wamasiye uja.

Sukulu itatsegulira ndinanena mawu amene aliyense m'mudzi muno ankanena, akuti sabata yoyamba ndi yosesa. Ana amangokalambula bwalo, kuzira m'makalasi, kutola miyala, ndiye mwana ataya chiyani akathandiza kaye kudambo? Sabata yachiwiri ndinati aphunzitsi akadali kulemba mayina, zenizeni sizinayambe. Yachitatu sindinanene kanthu, ndinangomupatsa keni. Agogo anu aakazi anandichenjeza kawiri konse. Anati mwana wobwera safanana ndi mwana wa pamudzi, afunika akafike tsiku loyamba pamene aliyense ali mlendo, apeze pokhala ndi mnzake wokhala naye. Ndinawayankha mwaukali kuti ngati akufuna sukulu kwambiri apite okha kudambo ndi miyendo yawoyo. Anatenga thumba la feteleza lotha ntchito, kulichapa, n'kusoka chikwama chonga chimene wasoka iwechi, n'kuchipachika pamsomali.

Kudamboko Tamala ndinamuphunzitsa bwino, zimenezo ndisaname. Ndinamugwira dzanja kumuonetsa kanyamulidwe ka keni kuti madzi agwe ngati mvula yowaza, asakumbe mbewu. Ndinamuonetsa kusiyanitsa mbande ya fodya ndi udzu zonse zikadali tiwiri timasamba. Ndinamuonetsa poponda ndi posaponda, potunga madzi pachitsime osaterereka. Anali ndi mutu mwana ameneyo, chinthu kumuuza kamodzi basi. Sankadandaula. Koma Loweruka lililonse ankachapa yunifolomu yobiriwira ija, imene sanaivale n'komwe, n'kuiyanika pachingwe. Ine ndinkaiona ndithu, koma ndinkayang'ana kumbali.

Lolemba la sabata yachinayi ndinati basi, apite. Tinatuluka limodzi m'mawa, iye ndi chikwama chake, ine ndi makeni awiri. Mukuidziwa mphambano ya pamsuku paja, pamene njira ya kumanja imakwera kusukulu ndipo ya kumanzere imatsikira kudambo. Tinaima pamenepo. Dzuwa linali litakwera kale, ndipo mtima wanga unali pa mbande. Makeni sindinatule n'komwe. Ndinaloza ndi mlomo.

"Njira ndi imeneyo. Ukafika ukanene kuti ndiwe mdzukulu wa a Yelemiya, akulu a mpingo. Onse akundidziwa."

Mwamva kunyada kwake? Ndinkaganiza kuti dzina langa likamutsegulira khomo ine ndili kudambo. Kalata ya sukulu ya kwawo sindinamutengere, sindinkadziwa n'komwe kuti imafunika. Nditayenda pang'ono ndinacheuka, n'kuona akadali chiimire pansi pa msuku, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Ndinakuwa kuti athamange wachedwa. Ndiye ndinatsika kudambo.

Kuyambira tsiku limenelo ankadzuka, kusamba, kuvala yobiriwira ija n'kutuluka. Masana anzake akamaweruka nayenso ankafika. Ndikamufunsa kuti kusukulu kuli bwanji, ankati kuli bwino. Ine mawu awiri amenewo ankandikwana. Kope lake sindinalitsegulepo.

Mutu wanga unali utapita kwina. Inali nyengo yolemba mayina a makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo inu ana simungamvetse mmene kapepala kameneko kankatisowetsera mtendere. Mayina ankalowa ochepa, mabanja tili ambiri. Ndinkalawirira kudambo kukangocha, kuthirira mothamanga, n'kukwera njinga kupita kumsonkhano. Lero kwa amfumu, mawa kwa alangizi, mkuja abwereza chifukwa ena adandaula. Ndinapita maulendo osawerengeka kukaonetsetsa kuti dzina langa lili m'kaundula, ndipo ulendo wina ndinachita kuwapempha alembi kuti andionetse ndi chala pamene lalembedwa. Sindinkakhulupirira za kumva.

M'masabata amenewo nazale yanga inakongola modabwitsa. Ndikafika madzulo ndinkapeza udzu wazulidwa, chophimba chapungulidwa bwinobwino pamene mbande zakula, m'mbali mwa mabedi mwasalazidwa. Ndinkaganiza kuti agogo anu akumadzikoka masana kukandithandiza mobisa chifukwa cha mawu aja ndinawalankhula, ndipo manyazi anandiletsa kufunsa. Iwonso ankaganiza kuti ndine. Anthu odutsa ankaima kuyamikira, ine n'kumavomera ngati ntchito yanga.

Tsiku logawa makuponi linafika kumapeto a Okutobala, kukutentha koopsa. Ankagawira pabwalo la sukulu yomweyi. Tinakhala pansi pa mitengo mudzi ndi mudzi, ndipo wathu unali chakumapeto. Belu la buleki litalira ana anatuluka piringupiringu, ndipo ndinati ndimuone mdzukulu wanga. Kunena zoona ndinkafuna kumuonetsa kwa anzanga. Ndinayang'ana chobiriwira pakati pa zabuluu, osachiona. Ndinapita kukalasi ya sitandade folo n'kupeza aphunzitsi aakazi, achitsikana ndithu, akufufuta bolodi. Ndinapereka moni, n'kutchula dzina la mwana. Anatsegula kaundula wawo n'kuyendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, kawiri. Anapita kukafunsa ku sitandade fili ndi ku faifi. Atabwerera anandiyang'ana mwaulemu koma mwamantha.

"Agogo, mwana ameneyu sanalembedwe pasukulu pano. Kodi amavala zobiriwira?"

Ndinavomera. Anati anamuonapo mwana wotero masiku awiri atakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khoma, ndipo ankati amufunse akaweruka, koma ana anali odzaza mpaka pakhomo, ndipo tsiku lachitatu sanamuonenso. Anapepesa kwambiri. Ine sindinawaimbe mlandu tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindiwaimba mlandu. Mwana amene mwini wake sanamubweretse, mlendo angamudziwe bwanji?

Nthawi yomweyo ndinamva panja akuitana mudzi wathu. Mnzanga wina anathamangira pakhomo kudzandikodola kuti ndifulumire, poti wosayankha dzina lake ankamudumpha. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kuponi ija ndinali nditaivutikira mwezi wathunthu. Koma mwezi wathunthu womwewo mwana wa Esinati ankatuluka m'nyumba mwanga m'mawa uliwonse, ine osadziwa kumene ankapita. Ndinadutsa pakati pa anthu aja, njinga n'kuisiya pomwepo. Ndinamva dzina langa likuitanidwa kumbuyo, kachiwiri, kachitatu, koma sindinatembenuke.

Sindinkadziwa kokamufuna. Ndinangotsata njira yobwerera kumudzi mpaka pamsuku paja. Fumbi la Okutobala silibisa kanthu. Timapazi take tinali pamenepo, tambirimbiri, tatsopano pamwamba pa takale, tonse tolowera kumanzere.

Ndinamupeza kudambo. Yunifolomu anali ataivula, ataipinda bwinobwino n'kuiika pamwamba pa chikwama pachitsa kuti isade. Anali atavala kadiresi kakale kamene ankabisa m'chikwamamo. Anali atanjuta pakati pa mabedi, akuzula udzu ndi tizala tiwiri monga ndinamuphunzitsira, akuyankhula yekha pansipansi. Atandiona sanathawe. Anaimirira n'kuika manja kumbuyo, kudikira chikwapu. Ndinamufunsa chifukwa chimene sankapitira kusukulu. Anayankha m'chiyankhulo cha kwawo, chimene anali atasiya kuyankhula pakhomo pathu poopa kusekedwa.

"Zina lane mulije mu buku, agogo."

Ankanena kuti dzina lake mulibe m'buku. Pang'onopang'ono zina zonse zinatuluka. Tsiku loyamba anafika belu litalira kale, makomo ali ambiri, osadziwa lolowa. Anaima pamtengo mpaka anzake anaweruka. Mawa lake analimba mtima n'kutsatira ana a msinkhu wake, n'kukhala kumbuyo. Aliyense anali kale ndi malo ake ndi mnzake. Atafunsa mtsikana wina kuti asendere, anamuseka kayankhulidwe ndi mtundu wa diresi. Aphunzitsi anaitana mayina onse, aliyense n'kumayankha, lake osamveka. Anabweranso tsiku lina kuti mwina alitchula, osalitchula. Ndiye anaganiza kuti pasukulupo sakumufuna. Kunyumba ankaopa kunena chifukwa ankaona kuti ndatanganidwa. Anayamba kubisala m'bango mpaka ine nditamaliza kuthirira, kenako n'kutuluka kukagwira ntchito imene ankaidziwa.

Ndinakhala pansi m'matope momwemo, ndi malaya anga a kumsonkhano. Ndinalira, ana inu. Pamaliro a Esinati ndinadzigwira chifukwa anthu ankandiyang'ana, koma tsiku limenelo ndinalira mpaka mwana anachita mantha n'kuyamba kundipepesa. Iye kupepesa ine. Njira ya kudambo ndinamuyendetsa nditamugwira dzanja, n'kumuonetsa chilichonse mpaka poponda. Njira ya kusukulu ndinamulozera ndi mlomo. Dzina langa ndinalilondola kwa amfumu ndi kwa alangizi mpaka kuliona ndi maso, koma lake sindinayende ngakhale kamodzi kukalilembetsa.

M'mawa mwake tinapita atatu, agogo anu akudzikoka ndi ndodo, atakana kutsala. Ahedi anatilandira bwino, n'kunena za kalata. Ndinapalasa njinga kupita ku Simlemba kukaitenga, n'kubwerako tsiku lachiwiri. Mayi wina wa kumpingo anatipatsa yunifolomu yabuluu imene mwana wake inamuthina. Koma teremu inali itapita patali, ndipo atamuyesa, Tamala anangoti kukamwa tseke, ngakhale zinthu zimene ankazidziwa. Anamubweza ku sitandade fili. Sabata yonse ndinkamuperekeza mpaka pakhomo, n'kukhala pansi pa mtengo kudikira kuti ndimve dzina lake likuitanidwa ndi iye akuyankha. Mbande ndinkathirira mochedwa, ndipo sizinafe. Zikanatha kudikira chomwecho kuyambira pachiyambi.

Kuponi chaka chimenecho sindinalandire. Anansi anandigawirako feteleza wa m'ndowa, uyu pang'ono uyu pang'ono, ndipo chimanga chinachita mwa apo ndi apo, koma sitinafe ndi njala. Fodya ndiye anabereka kuposa zaka zonse zimene ndalima. Masamba ake anali otambalala ngati a nthochi, chigafa chino chinadzaza mpaka tinamanga china. Anthu ankabwera kudzaona. Ine ndikalowa muno n'kuyang'ana m'mwamba ndinkangoona kamwana katanjuta padzuwa, ndipo fodya ameneyo sindinakondwere naye ngakhale tsiku limodzi.

Mukufuna ndinene kuti zonse zinatha bwino, ndikukuonani m'maso. Tamala anaphunzira ndithu, koma sanakhalenso mwana wa m'makope ake akale aja. Ndinadzawatsegula pambuyo pake, ndinapeza zochonga zokhazokha, aphunzitsi a kwawo atalemba mawu omuyamikira. Kuno ankakhala kumbuyo nthawi zonse, wamtali kuposa anzake, dzanja osakweza. Anabwereza sitandade faifi. Ali mu sikisi anati watopa, ndipo patapita nthawi anakwatiwa ku Santhe. Sindinganene kuti zonsezo zinachokera pamsuku paja, moyo uli ndi njira zambiri. Koma ine ndine mlimi wa fodya. Mawu akuti m'mera mpoyamba ndinkawanena kwa alimi anzanga chaka chilichonse, ndipo ndinkawadziwa bwino kuposa munthu wina aliyense m'mudzi muno.

N'chifukwa chake makolo anu atakutumizani kuno kuti muziphunzira, aliyense wa inu ndinamuperekeza tsiku loyamba. Iwe Chisomo unalira n'kundigwira mwendo, lero ndiwe ukuti ndikuchititsa manyazi. Tsono mawa nanunso muli ndi ntchito. Chisomo, ukamuonetse mwanayu kuchimbudzi ndi kumjigo, zinthu zimene mwana amaopa kufunsa, ndipo ukamupezere mnzake mmodzi wokhala naye, mmodzi yekha akwana. Madalitso, belu la buleki likalira usathamangire mpira usanamuone nkhope. Akabwera kunyumba n'kunena kuti kuli bwino, musakhutire nazo. Mufunseni anakhala ndi yani, anaimba nyimbo yanji, aphunzitsi anamutchula dzina kapena ayi. Mutsegule kope, ngakhale mukapezemo mizere yokhotakhota yokha. Kudambo sabata ino kupita amalume anu, ndawauza kale, ndipo wina asanene pakhomo pano kuti sabata yoyamba ndi yosesa.

Zaka zonsezi Tamala sanaitchulepo nkhani imeneyi. Amabwera kudzationa, amandichapira, amanditengera shuga, ndipo ndinkadzinamiza kuti anali wamng'ono, anaiwala. Lachinayi lapitali munamuona atabwera kudzasiya Tadala, poti kumene akukhala sukulu ili kutali ndipo pali msewu waukulu woti mwana awoloke. Pobwerera ndinamuperekeza kukakwera njinga ya kabaza. Tinayenda tikucheza za mvula ndi za mitengo ya zinthu. Titafika pamsuku paja anaima. Anayang'ana njira ya kumanja, n'kuyang'ana ya kumanzere, kenako anagwada pang'ono monga amachitira potsanzika. Sanakweze mawu, ndipo nkhope yake inalibe mkwiyo.

"Agogo, Lolemba mukamufikitse pakhomo. Musakamusiye pano."

Ndinangogwedeza mutu, iye n'kupita.

Ndiye bweretsa chikwamacho, Madalitso, ndione ngati chingwe chake chalimba. Tadala, tabwera uyese. Mawa tidzuka molawirira, chifukwa miyendo yangayi imayenda pang'onopang'ono, ndipo ndikufuna belu likamalira tikhale titafika kale.